Ngalande Yadutsa Pamaluwa

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko. Ine kuno ndili bwino, ndipo kukhonsolo ya mzinda ayamba kundimva. Ndangotha miyezi itatu pantchito, koma akundidziwa kale.

Pamsonkhano ndinaimirira n'kunena kuti, "Mabwana, chaka chilichonse ndalama zimathera kupenta mabenchi ndi kugula maluwa a m'paki, pomwe mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba za anthu. Benchi linapulumutsapo ndani?" Bwana wamkulu anati, "Mwana iwe, digiri ikukuyabwa eti?" Komabe anavomera kuti ndalamazo zikakumbire ngalande ndi kudzala mitengo. Ndinawaumiriza kuti ayambe sabata yomweyo. Mukundidziwa, kudikira sindikutha.

Tsono za ukwati wa msuweni wanga Loweruka lino. Malo ojambulira zithunzi munandituma aja, m'paki pakati pa maluwa ofiira, ndinasungitsa ndithu, ndipo chikalata chake chili m'thumba. Malowo alipobe, kungoti atsikako pang'ono. Mamita awiri basi. Mdala wosamalira paki, amene anadzala maluwawo, sakuyankhanso moni wanga, amangondiloza ndi khasu. Koma woyendetsa chigalimoto chokumba ndi munthu wabwino. Walonjeza kuzimitsa injini panthawi yojambula, ndipo akuti mtundu wachikasu wa chigalimotocho umaoneka bwino pazithunzi.

Kodi diresi la mkwatibwi ndi lalitali bwanji? Ndangofunsa chabe.

Akuchimuna musawauze kaye, tidzakambirana mukafika. Koma pobwera, aliyense atengeko majombo a mvula.

Ndine mwana wa achimwene anu,
Wachitukuko uja