Ngolo ya uvuni wa mayi a Ummi

Lachitatu

Mwanaidi 09:12
bambo a Ummi, za ngolo yokankhira uvuni wa miphika zija musavutikenso. a Gracian owotcherera zitsulo andipangira

Hakimu 09:13
Gracian wake uti

Mwanaidi 09:15
a pa Lirangwe pompano, kuseri kwa chigayo. matayala anayi achitsulo. ndikumaukankha ndekha, panja, mu shedi, panja

Hakimu 09:15
ine ndili kuno ku Chileka kupala matabwa a ngolo yomweyo inu mukukankha za eni

Mwanaidi 09:18
matabwawo munayamba kupala Ummi asanayambe sukulu. pano ali std 3

Hakimu 09:19
mmisiri sathamanga. nde anayeza bwanji uvuniwo? analowa mu shedi?

Mwanaidi 09:20
ayi anauyeza ndi maso ali ku Mdeka kkkk

Hakimu 09:26
[uthenga wa mawu 3:47]

Mwanaidi 10:02
ndamvera mpaka pomwe mukuti mwamuna wa pakhomo ndinu. kwinako madzulo, mmanja muli dongo

Lolemba

Hakimu 06:40
ndafika bho ku Chileka. uvuni ndausiya pa ngolo YANGA, musautsitse. mlombwa weniweni uja, matayala a wilibala atsopano. ya Gracian ili kuseri kwa bafa

Mwanaidi 06:52
lero ndikuwotcha miphika 30 ya a Ethel, ukwati ndi loweruka lino. thabwa ndi moto bambo a Ummi?

Hakimu 06:53
pansi ndinayala njerwa. ndinaganiza kale zonse

Mwanaidi 13:20
kwada cha ku Mdeka. ndikuukankhira mu shedi

Mwanaidi 13:22
tayala laphulika ndi kutentha

Mwanaidi 13:22
lachiwiri

Mwanaidi 13:24
uvuni wapendekeka. mlombwa wanu ukufuka. ukununkhira bwino ndithu

[Mwanaidi waimba katatu, osayankhidwa]

Mwanaidi 13:31
mvula ikagwera pa uvuni wotentha miphika yonse isweka. a Ethel mukawafotokozera ndinu. a Gracian ndiwaitane ine kapena muwaitana nokha?

Hakimu 13:44
nambala

Mwanaidi 15:10
anabwera ndi mipaipi iwiri ndi azibambo atatu a kuchigayo. aunyamulira pa ngolo yawo, talowetsa madontho akuyamba. mkati ndamva kuthetheka kamodzi kokha. alhamdulillah

Hakimu 15:11
wati chani za ngolo yanga

Mwanaidi 15:12
akuti munapala bwino

Hakimu 15:12
basi?

Mwanaidi 15:14
akuti tikachotsa matayala otsalawo ikhala benchi yabwino

Hakimu 15:39
wapita?

Mwanaidi 15:41
apite bwanji ndi mvula imeneyi. akumwa tiyi. akhalira benchi yanu yomweyo, akuti ikadali yofunda

Hakimu 15:41
kapu yanga yobiriwira ija ayi

Hakimu 15:43
mayi a Ummi

Hakimu 15:47
hello??

Mwanaidi 15:52
[chithunzi: a Gracian akumwera kapu yobiriwira]

Hakimu 15:52
ndakwera minibasi