Ndinapulumutsa zidole za malemu mwana wathu, amuna anga asiya kundiyankhula

Aphungu,

Ndawerenga malangizo anu kwa nthawi yaitali, koma sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzakulemberani za zidole. Musandiseke, banja langa likutha.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimasoka makatani pakhomo. Amuna anga amakonza mafiriji. Mwana wathu wachisamba anamwalira chaka chatha pa ngozi ya njinga yamoto akuchokera kuntchito. Anali bambo ndithu, wa ndevu zake, koma ankasonkhanitsa zidole za ankhondo. Si zoseweretsa ana ayi. N'zotalika ngati botolo, zopangidwa mwaluso moti nkhope zake zili ndi makwinya ndi zipsera. Chilichonse chimabwera ndi chisoti chovula, chishango, malaya achitsulo, lupanga lolowa m'chimake, ngakhale timanja tosinthira, kena kofumbata, kena kotambasula. Ankaitanitsa kunja n'kumadikira miyezi. Chikafika, Loweruka lonse linkathera pochiveka ndi kachitsulo kanga kozulira nsidze, kenako n'kuchiimika m'kabati yagalasi kuchipinda kwake.

Bambo ake ankamuseka. Ankamutcha Sajeni, ndipo nthawi ya chakudya ankamufunsa ngati asilikali ake asamba kale m'manja. Nthawi zina nthabwala inkapyola malire, n'kumuuza kuti anzake akukwatira iye ali kalikiliki kuveka zidole nsapato. Mwanayo ankangoseka.

Chimwalirireni, amuna anga anasanduka mlonda wa kabatiyo. Akaweruka sakhala pabalaza, amakakhala pabedi la malemuyo kumayang'ana. Galasi ankapukuta kunja kokha. Mkati sankatsegula, ndipo anatiletsa, ine ndi mwana wathu wamkazi. Ndinkati ndi maliro, adzatha.

Mwezi wathawu kunagwa chimvula masana, iwo ali kuntchito. Ndinamva madzi akuchucha kuchipinda kuja. Siling'i inali itafufuma pamwamba penipeni pa kabati, madzi akulowa kale mkati. Ndinawaimbira foni, sanayankhe. Ndinatsegula, Aphungu. Zidole ndinaziika msangamsanga m'beseni lochapira nditayala thaulo, malupanga ndi timanja ndinakokolera m'mbale. Nditangotuluka, siling'i inagwa n'kuswa galasi. Palibe chidole chinathyoka, palibe chinasowa. Ndinazipukuta chimodzichimodzi ndili ndi mtima woti akabwera andithokoza.

Atafika anaima pakhomo kuyang'ana beseni lija, zidole zitagona mopingasana ngati nsomba pamsika. Ndinawafotokozera za denga. Sanakalipe. Anangoti, "Mmene zinaimira muja anaziimika ndi iyeyo. Zala zake zinathera pamenepo. Bola zikananyowa zili momwe anazisiyira."

Kuyambira tsiku limenelo sanandiyankhulenso. Akafuna kanthu amatuma mwana wamkazi, ine ndili pomwepo. Amagona pansi kuchipinda kuja. Akuyesa kuziimikanso okha, koma sakumbukira kuti lupanga ili linali la uti, ndipo zala zozolowera sipanala sizigwira bwino tinthu tating'ono. Tsiku lina anathyola kamkondo, ndinawamva akulira ngati mwana. Nditagogoda sananditsegulire mpaka ndinachoka. Kuntchito akujomba, eni mafiriji akumabwera kudzakalipira ine. Chakudya chikubwerera chosakhudza. Achimwene awo atabwera kudzawaona, amuna anga anawauza kuti iwo kwawo kwatha, akungodikira tsiku lawo.

Mwana wamkazi naye watopa. Dzana anandiuza kuti, "Amayi, m'nyumba muno kuti akuone uyenera kukhala wapulasitiki kapena wakufa." Akufuna kukakhala kwa mnzake.

Ine ndimakhala pamakina kusoka mzere wokhota, kuphwasula, kusokanso. Masiku ena ndimaona ngati amuna anga akunena zoona, kuti ndinafufuta chomaliza chimene mwana wathu anatisiyira. Masiku ena ndimafuna kusenza beseni lonselo kukataya kudzala. Achemwali anga akuti ndilongedze ndipite kwawo. Kodi ndinalakwa? Ndipite? Mutu wanga waima.

E.T., m'tauni muno

*

Mayi anga,

Pepani ndi imfa ya mwana wanu. Palibe choseketsa m'kalata yanu.

Simunalakwe. Denga likamagwa munthu amachotsa katundu, ndipo mukanazisiya, lero bwenzi akukufunsani chifukwa chake munangoyang'ana. Amuna anu ankamuseka mwanayo ali moyo, mpata wopepesa unawathera mwadzidzidzi. Mkwiyo umene ali nawo pa iwo eni wasowa pogwera, wagwera inu chifukwa ndinu amene muli pafupi. Ndikuwamvetsa, koma chisoni sichiwapatsa chilolezo chokusandutsani mlendo m'nyumba mwanu.

Yambani ndi chofulumira. Munthu amene wasiya kudya, wasiya ntchito, n'kumati akudikira tsiku lake, mawu ake si oti muwanyalanyaze. Sabata ino, osati mwezi wamawa, achimwene awo awatengere kwa dokotala kapena kwa mlangizi wa za maganizo. Awafunse mosapsatira ngati akuganiza zodzivulaza. Kufunsa sikumupatsa munthu maganizo oipa, kumamutsegula pakamwa. Mankhwala alionse oopsa muwachotse m'nyumba, ndipo asamakhale okha tsiku lonse.

Kenako zithunzi. Munthu wotha Loweruka lonse akuveka chidole sangachiimike osachijambula. Yang'anani mufoni ya malemuyo, funsani anzake, makamaka amene ankasonkhanitsa nawo zomwezi. Ntchito imeneyi mupatseni mlongo wake ngati akufuna, mwina n'kukhala chifukwa choti bambo ake amuyang'anenso kumaso. Zithunzizo ziwathandiza kubwezera lupanga lililonse kwa mwini wake. Musawalonjeze kuti zikhala ngati kale, chifukwa sizikhala, ndipo iwo akudziwa.

Mukamawapatsa, nenani kamodzi kokha, ngakhale asayankhe: "Ndikudziwa chimene chinatayika tsiku lija, inenso chikundipweteka. Koma sindikanasiya denga lizigwere." Musagwade kupepesa mlandu umene mulibe. Mukatero muwatsimikizira kuti ulipodi.

Mwana wamkazi musamukalipire. Wataya mchimwene, tsopano akuona akutayanso bambo. Akafuna kukapuma kwa mnzake mloleni, koma muzimupezera nthawi yake inu awiri, yosakamba za zidole.

Kwa achemwali anu pitani mukapume masiku ochepa, achimwene awo atavomera kudzakhala pakhomo. Munene poyera kumene mukupita ndi tsiku lobwera. Nkhani yothetsa banja isiyeni kaye. Si pakati pa maliro pomwe munthu amagamula zoterozo. Koma chithandizo akachikana n'kupitiriza kukukhalirani chete miyezi ndi miyezi, itanani akuluakulu a mbali zonse, ndipo pamenepo palibe angakuimbeni mlandu poganizira moyo wanu.

Chenjezo langa ndi ili: beseni limenelo musalitaye, musaligulitse, ndipo musaziimike nokha mobisa pofuna kuwasangalatsa. Chilichonse mwa izi chidzatseka khomo limene likadali pang'ono lotsegula. Komanso ndaona kuti m'kalata yonseyi mwandiuza za kulira kwa amuna anu ndi kutopa kwa mwana wanu, za kulira kwanu simunanene. Mukamapita nawo kwa mlangizi, inunso mukalowe mukakhale pansi. Mwana ameneyo munamubereka ndinu.

Aphungu