Kabatire ka Pachifuwa Panga

KWA AKULUAKULU A NTHAMBI YA KAFUKUFUKU
Landirani ulemu wanga. Izi ndikulembera ine mwini, koma mukadzandipeza nditagwa, muwerenge.

Lolemba, 3 Marichi
Ine wonyamula katundu ndasamutsidwira ku khonde la zipinda zoyesera. Pakhomo lolowera pali chithunzi cha mtima wodulidwa ndi mzere wofiira. Tsono ine pachifuwa ndili ndi kabatire kothandiza mtima, kamene madokotala anandiika. Kuntchito kuno palibe akudziwa. Ndikanena, ntchito itha.

Lachiwiri, 4 Marichi
Mayi Pulofesa, mwini chipinda, andionetsa ntchito yawo. Ali ndi kabotolo kagalasi kodzaza mpweya. Kuwala kwa nyali yamphamvu yotchedwa leza kukalowamo, mpweyawo umakumeza. Akayatsa mafunde osaoneka otchedwa maikulowevu, kuwalako kumatulukira mbali inayo. Akazimitsa, njira imatsekekanso. Ati imeneyo ndi swichi yopanda chala.

Wophunzira wawo, amene timamutchula Ndevu, anati, "Achimwene, tasendererani uko, mupsa ngati soseji!" Onse anaseka. Nanenso ndinaseka.

Ngati kuwala amakutsekera osakukhudza, nanga mtima wa munthu?

Lachitatu, 5 Marichi
Ndapeza nzeru. Akamayatsa, ndikumakabisala m'chipinda choyandikana ndi cha Mayi Pulofesa, kuseri kwa chimgolo chachitsulo. Muli zii, simulowa anthu.

Lachinayi, 6 Marichi
Chizungulire. Ndili kuseri kwa mgolo, makiyi a m'thumba anachita ngati wina akuwakoka. Motero mafundewo amaboola ndi khoma lomwe.

Akunyumba ati, "Bambo a ana, ntchito imapezeka ina. Nanga inuyo ndikakugulani kusitolo iti?"

Lachisanu, 7 Marichi
Mogwirizana ndi malangizo a akunyumba, ndafotokozera Mayi Pulofesa za kabatire. Anayankha modekha. "Mafunde athu satuluka m'kabokosi kawo, bambo. Chithunzi chija n'chochenjeza za maginito aakulu a chipinda chinacho. Simunalowemo, eti?"

Ndinatchula mgolo uja. Ati mgolowo ndiwo maginitowo.

Ndevu, amene anali pomwepo, sanaseke. Anathamangira galimoto, n'kunditsegulira yekha chitseko.

Panopa ndili pa benchi kuchipatala, Ndevu wandigwirira jekete. Mayi Pulofesa aimbira okha akunyumba. Ndafunsa Mayi Pulofesawo za ntchito. Ati, "Lolemba mubwere, koma khonde lija musadzalipondenso." Mukhululuke kalembedwe. Anesi akundikodola.

Ndikulumbira kuti pa zonsezi sindinaonjezepo kanthu.
Ine wantchito wanu,
Wonyamula Katundu