Dzanja la Dinah Silifika pa Khutu

Lolemba, 22 Sepitembala 1958

Kabuku aka n'kolembamo miyeso ya zitseko ndi mawindo. Masamba akumbuyo alibe kanthu, ndilembamo zina.

Lero ndinapita ndi mwana wanga Dinah kusukulu kukamulembetsa Sub A, kalasi yoyamba. Kapitawo anandilola mpaka 10 koloko. Ana ambiri, mzere mpaka kumsewu. Njira yawo ndi iyi: mwana adutsitse dzanja lamanja pamwamba pa mutu, agwire khutu lamanzere. Akagwira, walowa. Akalephera ndiye kuti akadali wamng'ono, abwere chaka chamawa.

Dinah sanagwire. Zala zinathera m'mwamba. Poona ndi maso, inchi imodzi.

Ndinati ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anabadwa 1951 kwathu ku Dowa. Aphunzitsi aakulu, a Mhango, akuti bambo aliyense amanena choncho. Akufuna khadi la ubatizo. Khadilo linadyedwa ndi chiswe. Kulemba atseka pa 6 Okutobala. Chaka chathanso anamubweza.

Peggy, mwana wa a Overtoun, mnzanga wa kuntchito amene tayandikana nyumba, zaka zisanu zokha koma wamtali ngati bango. Wagwira khutu mpaka kulipinda. Walowa.

Lachiwiri, 23 Sepitembala

Ndalemba kalata kwa mlembi wa mpingo ku Dowa kuti aone m'buku la ubatizo. Ifika liti, kaya.

Zitseko zinayi lero. Chimodzi chopotoka, thabwa linali laliwisi.

Madzulo mkazi wanga Lettie anandifunsa kuti vuto la mwana n'chiyani makamaka. Ndinati watengera inu. Ndimangonena zimene zilipo. Lettie amandifika pa thumba la malaya, mayi akenso ndi choncho.  Anapatsa ana chakudya, iye sanadye.

Lachinayi, 25 Sepitembala

Ndayeza ndi rula. Inchi imodzi ndi kachidutswa.

Thabwa likafupika sulitalikitsa. Koma mwana si thabwa, amakula. Ndinaganiza zomuthandiza. Ndinamupachika pa nthambi ya mtengo wa kuseri kuti alendewere ndi dzanja lamanja, ine ndikuwerenga mpaka makumi awiri. Katatu m'mawa, katatu madzulo. Kachitatu analira. A Annie, akazi a Overtoun, amene kuno amawatchula NyaChirwa, anasuzumira pampanda nkuti, "A Eston, mwanayo mwamuchapa kuti mumuyanike?" Lettie anabwera, anamutsitsa, analowa naye m'nyumba. 

Ndayezanso. Chimodzimodzi.

Lachisanu, 26 Sepitembala

Ndinamupempha Lettie kuti pa 6 adzapite ndiye, mwina mawu a mayi angamveke. Wakana. Chifukwa chake ndikuchidziwa.

Chaka chatha anapita kuchipatala ndi mwana wathu wachiwiri Percy ali wakhanda kumbuyo. Wolemba mayina anamufunsa kuti mayi wake wa mwanayu ali kuti, bwanji atuma kamtsikana. Anthu onse pabenchi anaseka. Kuyambira pamenepo zapagulu sazifuna. Madzi amatunga kusanache bwino, anzake asanafike pachitsime. Duku amamanga ataika kansalu kopinda mkati kuti mutu ukwere. Amayesa sindiona.

Ndiye pali dzina. Kwathu ndi NaBanda. Kuno mpoto amati NyaBanda. Nya- yawoyo masiku oyamba inkatichititsa manyazi kuitchula, tinazolowera. Koma amayi a kuno ku Zolozolo samutchula NyaBanda. Amati NyaKafupi. Ngakhale ana. "Monire NyaKafupi." Iye amayankha, koma akalowa m'nyumba amaponya ndowa pansi mwamphamvu. Ndowa ina inabooka choncho, ndinamata ndekha.

Loweruka, 27 Sepitembala

Nzeru ina. Tsitsi la Dinah n'lambiri, dzanja limakwera pamwamba pake. Ndamumeta mpala ndi lumo latsopano. Ndayeza. Patsala theka la inchi.

Ndinasangalala. Ndekha.

Dinah sakutuluka panja, akuti anzake akumumenya makofi pamutu. Ndinamuphunzitsanso kupendeketsa mutu pang'ono pogwira khutu. Akuti a Mhango amagwira chibwano kuti mutu uime njo. Amadziwa zonse, munthu uja.

Lamulungu, 28 Sepitembala

Kutchalitchi ndinapita ndi Percy yekha. Lettie akuti mutu.

Nditabwera anandiuza zimene waganiza. Pa 6 akamubwezanso, amutenga Dinah kupita naye ku Dowa, akayambe kumeneko, kumene aliyense akudziwa tsiku limene anabadwa. Iyenso akakhala komweko kwa mayi ake. Mpaka liti, sananene. Anangoti, "Kwathu palibe amene amandiyeza."

Ndinati ntchito yanga ili kuno. Nyumba za boma zikumangidwa, zitseko zikufunika, mwina zaka zitatu. Anati akudziwa.

Dowa ndi masiku awiri pa basi, msewu ukakhala bwino. Mvula ikayamba, iwalani. Ndiye ine ndizibwera kuntchito nkumapeza nyumba ili zii. 

Lachiwiri, 30 Sepitembala

Kalata palibe.

Popuma masana ndinawafunsa a Overtoun. Ndinati achimwene, mkazi wanga anakulakwirani chiyani kuti akazi anu ndi anzawo azimunyoza? Anasiya kudya chinangwa, anandiyang'ana. Akuti kunyoza kwake kuti? Njira ya kuchitsime ili ndi a NyaBanda atatu. Wina amamuti NyaBanda wa mbuzi, wina wa ku Msongwe. Wachitatu akanamuti chiyani? Akuti munthu amene akumunyoza samupatsa Nya-, amangomuti iwe.

Ndinati koma kwa iye n'chilonda. Anati, "Zaka zitatu, ada, osatiuza?" Anapukusa mutu nthawi yaitali.

Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Lettie akamva kuti ndaulula za m'nyumba.

Ndadula thabwa molakwika, mainchesi awiri. Kapitawo anakalipa.

Lachinayi, 2 Okutobala

Pobwera kuntchito ndinapeza NyaChirwa ali pakhonde pathu ndi Lettie, akusenda nyemba. Sizinachitikepo. Ndinapereka moni, ndinapita kuseri kukanola tchizulo. Inali yakuthwa kale.

Zambiri sindinamve. NyaChirwa amayankhula Chichewa chosakaniza, mwachangu. Ndinamva akuti, "Ise tinkati ndinu wonyada chomene, mama. Madzi kutunga nokha, moni wa pakhosi. Tinkati anthu a ku Dowa ndi mmene alili."  Kenaka wina anamina. Kenaka kuseka, onse awiri. Kuseka kwa Lettie ndinali nditakuiwala, kumatuluka kwakukulu kuposa mwini wake.

Atapita mlendo ndinadikira kukalipiridwa. Anangoti NyaChirwa wanena kuti awauza amayi onse aleke dzina lija. Ndinati ndiye bwino. Anati iye wawauza kuti dzinalo likhale momwemo, pakamwa panazolowera kale. Sindinamvetse. Sindinafunse.

Za ku Dowa sanasinthe. Thumba lake ndinaliona pansi pa bedi, nsalu zopinda kale.

Loweruka, 4 Okutobala

Kalata palibe. Ndinapita ndekha kupositi, ndinafunsa kawiri.

Theka la inchi lomwe lija. Tsitsi layambanso kumera. Ndinatenga lumo, Lettie anati ndiliike pansi. Anamuitana Dinah padzuwa, anamuuza ayasamule, anayang'ana m'kamwa nthawi yaitali.

Madzi lero anatunga dzuwa litakwera, pamodzi ndi anzake. Anachedwa kubwera.

Madzulo anati Lolemba apita ndiye. Ndinati akakusekani ngati kuchipatala kuja. Anati, "Aseke. Akatha alembe."

Lolemba, 6 Okutobala

Ndinapemphanso kwa kapitawo. Anati aka n'komaliza. Rula ndinaika m'thumba, kaya ndimati ndikachita nayo chiyani.

Lettie anamanga duku lake lobiriwira, lopanda kanthu mkati. Mutu unaoneka waung'ono. Percy anamusiya kwa NyaChirwa. Ndinati mukanamubereka, aone kuti ndinu mayi. Anati ayi.

Pakhomo la sukulu mphunzitsi wachinyamata anamuloza ndi ndodo, nkuti iwe, mzere wa atsikana ndi uwo.  Ndinati basi, tibwerera. Lettie anati, "Yewo aphunzitsi, koma ine ndabweretsa mwana wanga," nkudutsa.

Kwa a Mhango. Dinah anakweza dzanja, iwo anagwira chibwano. Theka la inchi. Anayamba kale kuitana wotsatira.

Lettie sanasunthe. Anati aphunzitsi, taonani m'kamwamu. Mano awiri akutsogolo, akuluakulu, a mkaka anaguluka kalekale, ena awiri akumera m'mbali. Anati wa zaka zisanu ali ndi mano otere ndani? A Mhango anati lamulo ndi khutu, mama.

Apo Lettie anachita chimene sindinayembekeze. Anakodola mtsikana wina wa Sitandade 3 amene amadutsa ndi choko, anaima naye msana ndi msana. Mtsikanayo anamuposa, mainchesi atatu kapena anayi. Anthu onse akuona, amayi pamzere, ana pamawindo. Anati, "Ine ndabereka awiri. Uyu watengera ine. Mukadikira kuti atalike, mudzamulemba Sub A ali ndi mwana kumbuyo."

Kunali kuseka. Ine ndinayang'ana pansi. Nditadzutsa mutu, nayenso akuseka, ali chiimire pomwepo, osabisa nkhope.

A Mhango anavala magalasi, anayang'ana manowo ngati akugula mbuzi. Anamuuza Dinah awerenge. Anafika makumi anayi, anamuletsa. Anatsegula buku. Pofunsa dzina la mayi, amayi a kumbuyo anayankha okha, atatu kapena anayi pamodzi, kuti NyaKafupi. Lettie anati alembe Lettie Banda, koma akamufuna afunse NyaKafupi, ndiye adzawalozera nyumba msanga.

Dinah walowa. Ayamba Lachitatu. Sileti ndimupangira felemu ndekha.

Ine sindinanene liwu limodzi. Rula inakhala m'thumba.

Lachitatu, 8 Okutobala

Dinah anapita ndi Peggy, atagwirana manja. Kuwaona kumbuyo, ngati mkulu ndi Peggy. Ndinaima pamsewu mpaka anakhota. Ndinachedwa kuntchito.

Nsalu zabwerera m'bokosi. Sitinakambirane.

Mantha alipobe. Mabenchi awo ndinawaona, aatali, miyendo ya Dinah izilendewera tsiku lonse. Ana akuluakulu adzamukankha. Ndinamuuza Lettie. Anati adzamukankha inde, ndipo sadzafa.

Loweruka, 11 Okutobala

Ntchito mpaka masana. Nditafika ndinapeza munsi utagonekedwa pa benchi langa la kuseri, sowo ili pambali. Munsiwo ndi uja ndinasema ndekha titangokwatirana, wa mtengo wolimba, wolemera bwino. Ndinausema poyeza wa mayi anga.

Lettie anati ndiudule. Akuti zaka zisanu ndi zitatu wakhala akusinja ndi munsi wa munthu wina, mapewa amapweteka tsiku lililonse. Ndinati bwanji simunanene. Anati ankachita manyazi kupempha waufupi.

Ndinafunsa ndidule pati. Anauimika pambali pake, anaima njo, wopanda nsapato, anaika chala. Ndinalemba ndi pensulo. Mainchesi asanu ndi anayi.

Akuti ukatha uwu, pali mtondo, pali chingwe choyanikira, pali alumali ya mbale, ndi msomali wa galasi umene ndinakhoma poona nkhope yanga. Wakhala akudziona chipumi chokha.

Akundiitana, wagwira kale mbali ina ya munsi.