Kompyuta itadzaza anandilanda kiyi

Aphungu,

Lero kwacha ndi mwera. Mabango akulira, mabwato akugundana padoko, ndipo ine ndakhala kuseri kwa nyumba kuti ndikulembereni popanda wondiona.

Ndili Folomu 3. Anzanga ndi ochepa. Pasukulu pathu pali kompyuta imodzi imene anasiya mphunzitsi wina wachizungu, ndipo kwa zaka ziwiri kiyi wa chipinda chake ndimasunga ndine, poti buku lake la BASIC, chinenero cholembera mapulogalamu, ndinaliwerenga ndekha mpaka kumapeto.

Aphunzitsi a masamu, a Jafeti, anandiuza kuti ndilembe pulogalamu yosonkhanitsa malikisi a sukulu yonse. Kalasi iliyonse ndinaipemphera malo zikwi zinayi ndi lamulo la DIM, poopa kuti angachepe. Ndikasindikiza kalasi imodzi, ndimaika ziro paliponse kuti malo apezeke. Folomu 1 mpaka 3 zinayenda. Pofika Folomu 4 kompyuta inalemba kuti Out of memory, kutanthauza kuti malo atha, n'kuima.

A Jafeti anati, "Waiononga. Zala zonunkha matemba pa makina a azungu." Anaitanitsa bambo anga. Bambo, amene kunyanja amalamula amuna asanu ndi mmodzi, anakhala pansi mu ofesi n'kumati, "Pepani bwana, ndi mwana." Kiyi a Jafeti anapatsa Samsoni, mwana wa munthu wina wamkulu kwathu kuno amene sindimutchula.

Ndimasuzumira pazenera. Samsoni amangozimitsa ndi kuyatsa, mawu aja n'kubweranso. Malikisi akufunika tisanatseke sukulu. Kodi ndinaionongadi? Ngati mankhwala alipo, ndiwauze kapena ndiwasiye ayaluke?

Tsiku la ku ofesi lija tinapita awiri ndi bambo panjinga imodzi. Ine ndinabwera wapansi masana. Bambo anafika dzuwa litapendeka akukankha njinga, ndipo mpaka lero sanandifunse kanthu.

H.Y., Kachulu

H.Y. mwana wanga,

Sunaononge kanthu. Ndafunsa a Makisoni, amene amatikonzera makompyuta kuno kuntchito, ndipo anati, "Mnyamatayu wachotsa nsomba koma thandala sanazule."

Thandala loyanikira matemba ukulidziwa kuposa ine. Nsomba ukachotsapo, ilo limaimabe pamenepo, mnzako sangamangepo lake. Ziro wako uja anachotsa nsomba zokha. Malo zikwi zinayi a kalasi iliyonse kompyuta inali ikukusungirabe, mpaka thandala lachinayi linasowa poima.

Chita izi. Ukamaliza kalasi, sunga malikisi pa diski, kenako lemba ERASE pamodzi ndi dzina limene unapereka pa DIM. Malo onse abwerera. Lemba PRINT FRE(0) usanafufute ndiponso utafufuta, uone wekha nambala ya malo otsala ikukwera. Usiyenso kupempha zikwi zinayi chifukwa cha mantha. Werenga ana ndi maphunziro awo, upemphe malo omwewo basi.

Zowasiya kuti ayaluke, ayi. Ovutika ndi a Folomu 4, amene sanakulakwire. Koma usakanong'oneze Samsoni pazenera, mawa lake idzakhala nzeru yake. Lemba papepala, saina dzina lako, sunga kope lina, upereke kwa a Jafeti ali okha, osati pamaso pa ana.

Sindikunamiza. Kiyi mwina sabwerera, ndipo mawu akuti pepani usawayembekezere. Wachita bwino osamutchula munthu wamkulu uja. Pitiriza choncho, ngakhale kwa amene umadya nawo. Chenjeranso ndi ERASE: zimene wafufuta usanasunge sizibwerera, ndipo apo mlandu udzakhaladi wako.

Tsamba lino ulidule, ukawawerengere bambo ako. Oyamba kumva kuti sunaononge akhale iwo, amene anakhala pansi mu ofesi muja.

Aphungu