Nsapato M'manja

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tikudzuka. Amayi mwendo ukuwavutabe kukazizira, koma pakamwa pokha ali bwinobwino. Dzulo andikalipira kuti ndikuonda ngati munthu wopanda kwawo.

Usadabwe kuti ndalemba papepala m'malo mokuimbira. Foni masiku ano sindikuikhulupirira, ndipo ukamaliza kuwerenga udziwa chifukwa chake. Uwerenge uli wekha.

Ukukumbukira mmene ndinalirira chaka chatha nditamva nyimbo yanga pa wailesi akuimba Magalasi, woimba uja savula magalasi akuda ngakhale mvula ikugwa. Ine ndinali ndisanaitulutse n'komwe. Iwe ndiwe unandiuza kuti wakuba ali pafupi, ndiyang'ane anthu amene ndimaimba nawo. Ndinayang'anadi, maso anga n'kugwera pa woimba ng'oma wathu, chabe chifukwa ndinamuonapo akucheza ndi Magalasi panja pa holo. Munthu amene ndinayenda naye zaka zisanu ndi ziwiri, amene ankasenza masipika basi ikatifera panjira. Ndinamuthamangitsa pamaso pa anzake. Sanalimbane nane, anangoti Mulungu akuona, n'kutola timitengo take toimbira.

Patapita miyezi itatu nyimbo ina inabedwanso, iyeyo kulibe.

Ukudziwa kuti ine ndilibe kampani, ndilibe bwana, ndilibe loya. Ndimapeka ndekha m'chipinda chomwe chija, gitala pamwendo, matiresi nditatsekera pazenera kuti agalu a aneba asalowe nawo m'nyimbo. Ndikakadandaula amandifunsa umboni, pamene Magalasi ali ndi anthu omuthamangira. Nyimbo akaipeza Lolemba, pofika Lachisanu ili pa wailesi. Tsopano anthu ayamba kunena kuti ine ndi amene ndimamutengera. Paukwati wina mayi wina anandipempha kuti ndiimbe ija ya Magalasi. Ndinaimba, nyimbo yanga yomwe, mtima ukundiwawa.

Tsono tamva zimene ndinachita, ndipo sindikuzinyadira. Ndinapeka nyimbo ya mkazi amene akuthawa pabanja m'mamawa. Anthu omva nyimbo zanga zisanatuluke munatsala atatu: mwini situdiyo, woimba gitala ya besi, ndi iwe. Ndinaijambula katatu pa foni. Mu imene ndinatumiza kwa mwini situdiyo, mkaziyo akuchoka pa basi. Mu ya woimba besi akuchoka pa njinga ya mlongo wake. Mu yako akuchoka wapansi, nsapato zili m'manja kuti mwamuna asamve mapazi.

Yakoyo ndinaisintha mongoti msampha ukhale wokwanira. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti ndi mwini situdiyo, munthu woti akamakusekerera maso ali kwina. Ndinali nditakonzeratu ndi mawu omwe okamulalatira.

Lachiwiri lapitali ndinalowa m'sitolo kukagula nsambo za gitala. Wailesi inali pa shelefu, pakati pa mabatire. Ndinamva kayimbidwe kanga, mawu a Magalasi, ndipo ndinaima kudikira basi ija. Sinabwere. Mkazi uja anatuluka wapansi, nsapato m'manja. Wogulitsa anandifunsa ngati ndikudwala, poti ndinagwira kauntala ndi manja awiri.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikukufunira pothawira. Mwina foni unaiiwala patebulo. Mwina ana anaitumiza posewera. Mwina ndi alamu, pakuti ndakumbukira kuti iwo ndi Magalasi anaphunzira sukulu imodzi, ndipo paukwati wanu ankaitanana mayina achibwana.

Koma ndikati ndiwasenzetse alamu, mafunso ena akundikana. Bwanji miyezi yapitayi wakhala ukundifunsa sabata iliyonse ngati pali yatsopano, iwe amene kale unkandiseka kuti nyimbo zanga n'zogonetsera makanda? Bwanji unandipempha kuti ndizikulemberanso mawu ake, ati foni yako sikumveka bwino? Nanga tsiku lija, bwanji unafulumira chotere kundilozera kwa anzanga?

Ndinawafunsa amayi mozungulira ngati unawatchulirapo za Magalasi. Iwo osadziwa kanthu anatulutsa foni yawo n'kundionetsa chithunzi chimene unawatumizira, iwe utaima naye pa phwando la kuntchito kwa alamu, mano onse pamtunda. Anati unawapempha asandionetse poopa kuti ndingakhumudwe. Kenako anandilangiza kuti ndisiye nsanje, dziko ndi lalikulu, oimba awiri akwanamo.

Ndakwiya, mng'ono wanga, koma mantha ndiwo andikulira. Nyimbo yanga yoyamba unayamba kuimva ndiwe, tikuchapa mayunifolomu kuseri kwa nyumba, ndipo unandiuza kuti ndichotse ndime yachitatu. Unkanena zoona. Kuyambira pamenepo khutu lako ndalidalira kuposa langa. Pano ndili ndi nyimbo ziwiri zatsopano, ndipo ndikusowa woti ndimumvetse.

Ngati ulibe mlandu, ndakulakwira kwambiri pokutchera msampha, ndipo udzanditukwane mmene ungafunire, ndidzakhala chete. Ngati unachita, undiuze chifukwa chake. Kaya anakunyengerera, kaya alamu anakukakamiza, kaya pali chimene ndinakulakwira chimene wakhala ukuchisunga, zonsezo ndingathe kuzimva. Chokhacho, usandiuze za ana kusewera ndi foni ngati sizinali choncho. Ndimakudziwa ukamanama, umachulutsa mawu.

Kumapeto kwa mwezi uno ndikupita kwa woimba ng'oma uja. Ndamva kuti akumata matayala m'mbali mwa msewu, poti palibe gulu likufuna munthu amene ine ndinamutcha wakuba. Ndidzatenga anthu omwe aja anaona ndikumuthamangitsa, ndikamupepese pamaso pawo. Ndikumudziwa, adzandikhululukira. Akatero adzapukuta manja n'kundifunsa kuti nanga wakubayo anali ndani.

Uli ndi masabata atatu oti undiuze chokamuyankha. Ndikapanda kumva kuchokera kwa iwe, ndidzamuuza zimene ndikudziwa. Munthu ameneyu ndinamunamizira kamodzi, sindimunamizanso.

Undiperekere moni kwa ana, uwauze kuti amayi awo aakulu amawakumbukira tsiku ndi tsiku. Alamu uwapatse moni ngati ukuona kuti n'koyenera. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mkulu wako, ngakhale zitakhala kuti ndiwe.