Amayi, matimati anu tinawakhutitsa

Amayi athu okondedwa, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Zaka zitatu zathunthu, koma pakhomo pano palibe amene mtima wakhala pansi. Ngakhale chithunzi chili pamwambachi tachita kulimbirana posankha. Mwana wanu wachisamba, yemwe munkamutcha Aphunzitsi asanayambe n'komwe kuphunzitsa, amafuna chija munavala yunifolomu yoyera ya unamwino. Mzime wanu, wowotcherera zitsulo uja, amafuna cha pa ukwati wake. Bambo anangotulutsa ichi m'chikwama chawo n'kuchiika patebulo. Ndiye mwatuluka m'nyuzipepala mutavala jombo ndi chipewa cha bambo, kheni yothirira ili m'manja, mukukalipira wojambula kuti waponda mbande. Mutikhululukire, ndi mmene timakukumbukirani.

Mukaweruka ku chipatala simunkafikira m'nyumba. Munkazungulira kuseri chikwama chili paphewa, mukuti mukukaona odwala anu ena. Pakhonde lakuseri panali mzere wa zidebe za penti, ndowa zobooka ndi beseni lija munkatisambitsiramo tili ana, zonse zodzala matimati, ndipo m'mphepete mwa mpanda munali mabedi anu awiri. Mbewu yake munapatsidwa kalekale ndi wodwala wina amene analibe china chothokozera. Anali matimati oipa nkhope, amizeremizere ngati dzungu, ong'ambika m'mapewa, akhungu lopyapyala loti sangapirire ulendo wa kumsika. Koma kukoma kwake, munthu ankadya ataimirira pomwepo, madzi akutsikira m'chigongono. Chaka ndi chaka munkasankha okhwima bwino, kufinya njere, kuziyanika pa kansalu, n'kuzisunga m'kabotolo ka mapiritsi. Mbewu imeneyi m'masitolo mulibe, tafunsafunsa mpaka ogulitsa anatopa nafe.

Feteleza wamadzi uja munkamusunga pashelefu ya pamwamba, ndipo palibe ankaloledwa kumugwira. Munkayeza ndi kachitsekero ka botolo, kuthira m'kheni yodzaza madzi, kutakasa ndi kamtengo mpaka madziwo aoneke ngati tiyi wa munthu woumira. Munkayamba mwathirira madzi enieni, mukuti mankhwala samwera pamimba popanda kanthu, feteleza n'kubwera pambuyo, patsinde osati pamasamba. A m'zidebe ankalandira pang'ono chabe chifukwa m'chidebe mizu ilibe kothawira. A m'mabedi ankalandira mwa apo ndi apo, makamaka maluwa akayamba. Bambo akabwera ndi mtima wofuna kuthandiza munkawalanda kheni. "A dalaivala, iyi si thanki ya basi yoti mudzaze mpaka pakamwa. Khalani apo muzindiyang'ana." Bambo ankakhaladi pa ndowa yovundikira n'kumakuyang'anani, inu mukuseka chiseko chanu chija chogwira m'nthiti, chomwe chinkatulutsa anthu m'nyumba zoyandikana kudzafunsa kuti kwagwanji. Kuseri kuja tsopano kuli zii, ndipo tikusowani kwambiri.

Tonse tikulira, Amayi. Mng'ono wanu mpaka pano amayamba kuimba nambala yanu akamva nkhani yoseketsa, n'kudzadzimuka foni ili kale kukhutu. Zidzukulu zanu zimafunsa kuti agogo aweruka liti ku chipatala. Koma amene tikufuna kukuuzani za iwo ndi bambo. Munthu amene anakhala pampando wa basi moyo wake wonse osadandaula msana, lero sangathe kukhala pampando wa pabalaza mpaka tiyi kuzizira. Amatsegula wailesi, kuitseka, kusuntha kabati, kuibwezera pomwe inali. Masana amapita pokwerera mabasi kukaona anzawo akunyamuka, n'kubwerako asanalankhule ndi aliyense.

Chaka choyamba palibe anafesa, zidebe zinangomera udzu. Chaka chachiwiri bambo anatenga kabotolo kanu ka mapiritsi n'kufesa theka la njere. Madzi ankathirira mokhulupirika, koma botolo la feteleza analiopa, poganiza kuti muyezo wake munapita nawo. Matimatiwo anakula owonda, masamba achikasu, maluwa akungoyoyoka, ndipo timatimati tingapo timene tinagwira tinawola tisanapse. Sitinatole njere ngakhale imodzi. Bambo anazula zonse okha, atatha anasamba m'manja nthawi yaitali n'kunena mawu amodzi okha, akuti anawapha ndi njala.

Chaka chino anakhuthulira njere zotsala padzanja, ndipo sizinadzaze n'kachikhatho komwe. Tonse tinaona kuti izi zikalephera, mbewu yanu yathera pompo. Anagula botolo latsopano la feteleza, n'kutiitanitsa pakhonde ngati pali mlandu. "Dimba ili ndi langa," anatero. "Ndinalakwitsa ndine, ndikonza ndine. Wina asagwirepo." Tinavomera ndi mitu. Mbande zinamera bwino, anaziwokera zina m'zidebe zina m'mabedi, anazika timitengo n'kumangirira ndi tinsalu tong'amba ku malaya awo akale a ntchito.

Vuto linali m'mawa. Bambo amadzuka nthawi yomwe ija munkadzuka inu pokonzekera ntchito, ngakhale alibe kopita. Ankatuluka kuseri, kuthirira madzi, ndipo ntchitoyo inkatha dzuwa lisanafike n'pampanda pomwe. Ankaima pamenepo tsiku lonse likuwayang'ana, botolo nalo likuwayang'ana lili pashelefu. Mumtima ankati kachitsekero kamodzi kangalakwe chiyani, poti chaka chatha anawamana. Ankathira. M'mawa mwake ankathiranso. Masabata oyamba zinaoneka ngati zayenda: matsinde ananenepa ngati chala chachikulu, masamba anabiriwira mpaka kuderako, ndipo bambo anayamba kuimba kaluzu, chinthu chimene tinali titaiwala kuti amatha.

Kenako masamba anayamba kupindikira pansi, m'mbali mwake n'kupserera ngati anadutsa pamoto. Pamwamba pa dothi la m'zidebe panachita zoyera ngati mchere. Dzuwa likangokwera, matimati ankafota dothi lili chinyowere. Bambo ankazungulira zidebezo, kugwira tsamba, kulisiya, kulowa m'nyumba, kutulukanso. Matenda a matimati amene ankawadziwa anali amodzi okha, a chaka chatha aja, ndiye anaganiza kuti njala yabweranso. Anawonjezera muyezo.

Chimene sankadziwa n'chakuti odyetsa sanali iwo okha. Aphunzitsi akaweruka kusukulu ankadzera kunyumba nthawi imene bambo ali kokwerera mabasi, kutsitsa botolo, kuyeza bwinobwino monga ankakuonerani, kuthira, kutsuka kheni n'kuibwezera pamalo pake penipeni. Mzime ankabwera Loweruka ndi kabotolo kakekake m'thumba la ovololo, n'kunamizira kuti akukaona ngati geti la kuseri likufuna kuwotcherera. Aliyense ankakumbukira masamba achikasu a chaka chatha. Aliyense ankaopa kuwawitsa bambo mtima powaonetsa kuti sakuwakhulupirira. Komanso, tinene zoona, kuseri kuja ndi kumene aliyense ankapita kukalira payekha, ndipo sankafuna mboni. Banja lanu mukulidziwa, Amayi, timakondana mobisa ngati tikuba.

Zinaululika Loweruka lina mwezi wathawu. Bambo anapita kukameta, anapeza kometera n'kotseka, n'kubwerera msanga. Atazungulira kuseri anapeza Aphunzitsi, amene ulendo uno anabwera Loweruka, ali ndi kheni pa zidebe, mzime atanyonyomala pa bedi kabotolo kali m'manja. Awiriwo anali atangogwirana kumene, akukangana monong'ona kuti wayamba ndani.

"Mukutani?" anafunsa bambo.

"Timangoona, bambo," anayankha mzime.

"Kuona ndi botolo?"

Mzime anayesa kubweza kabotolo m'thumba, koma kanali kosatseka, feteleza n'kutsikira m'mwendo wa ovololo. Aphunzitsi anatula kheni pansi. "Ine ndimathira pakati pa sabata, uyu akuti Loweruka lililonse. Nanga inu, bambo, mumathira liti?"

"M'mawa."

"M'mawa wa tsiku liti?"

"Masiku onse."

Mzime anagwira pakamwa. Aphunzitsi anakhala pansi pakhonde osayang'ana n'komwe kuti pali matope. "Amayi akanatithamangitsa mu wodi tonse," anatero. "Wodwala mmodzi, anamwino atatu, aliyense ndi jakisoni wake." Anayamba kuseka, mzime n'kulandira, koma chisekocho sichinafike patali, chinasanduka china. Bambo sanaseke. Anayang'ana masamba opsererawo.

"Sikuti ndimaona kuti ali ndi njala masiku onse ayi," anatero. "Ndimadzuka nthawi ija ankadzuka mayi anu, ndiye ndimasowa poika manja."

Amayi, chikuikireni m'manda, aka kanali koyamba bambo kukutchulani pamaso pa ana awo.

Tsiku limenelo palibe anadya masana. Atatuwo anatunga madzi mpaka mapewa kuwawa, kuthira m'zidebe madzi okhaokha mpaka atuluke pansi, kudikira, kuthiranso, kuti atsuke feteleza m'dothi. Mzime anaboola mabowo ena m'zidebe, Aphunzitsi anapala dothi loyera lija ndi supuni yanu yophikira, bambo akuthamanga pakati pa mpopi ndi mabedi ngati mnyamata. Koma a m'zidebe tinachedwa nawo. Anauma mmodzimmodzi, ndipo titazula tinapeza mizu itapsa, yofiirira, yoduka yokha m'manja. A m'mabedi anapulumuka chifukwa nthaka ndi yakuya, koma anangosanduka tchire la masamba, maluwa akatuluka n'kuyoyoka osagwira kanthu.

Chiyembekezo chatsala pa tsinde limodzi, la kumapeto kwa bedi pafupi ndi mpopi, pamene madzi amatayikira nthawi zonse munthu akamatunga. Limenelo lagwira timatimati tingapo tobiriwira, tating'ono ngati nsonga ya chala. Kamodzi kachita kale banga lakuda kunsi kwake, ndipo bambo anakathyola dzana. Totsalato sitikudziwa ngati tifike. Zidzukulu zauzidwa kuti matimati amenewo si odya, ngakhale atafiira bwanji, ndi a mbewu. Tili ndi mantha, Amayi. Zovala zanu tinagawana, zithunzi zili pakhoma, koma chinthu chamoyo chimene chinadutsa m'manja mwanu n'kukhala chikuberekabe ndi tsinde limeneli basi.

Mabotolo onse awiri, lawo ndi la mzime, bambo anawapereka okha kwa Aphunzitsi kuti akawasunge kwawo, akuti iwo sakudzikhulupirira. Tsopano feteleza amathira munthu mmodzi, pang'ono, enafe tikuona, ndipo amayamba wathirira madzi enieni. Loweruka timakumana kuseri tonse, ndipo nkhani zanu zayamba kutuluka, zina zoti sitinkadziwa n'komwe. Bambo awauza ana awo mmene munawakanira kawiri konse asanakukwatireni, chifukwa ankayendetsa basi mothamanga.

Koma ntchito imene yawatsalira bambo ndi yovuta kuposa zonse zimene anagwirapo: kusachita kanthu. Amadzukabe nthawi yomwe ija. Amathirira madzi, n'kuima pafupi ndi tsindelo manja atawagwirira kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake mwamphamvu. Amalowa m'nyumba, kutsegula wailesi, kutulukanso kukaona ngati timatimati takulako chichokereni iwo. Titawauza kuti tikulemba chikumbutso chino n'kuwafunsa mawu oti tiikemo, anayenda uku ndi uku pakhonde mpaka tinaganiza kuti sayankha. Kenako anaima.

"Muwauze kuti ndamva tsopano," anatero. "Muwauze kuti ndakhala pansi, ndikudikira."

Ananena zimenezi ataimirira, Amayi, koma akuyesetsa.

Matimatiwo apse kapena asapse, inu sitidzakuiwalani.